Mmene mungasamalire boti lokhalamo pa ngalande za ku England

Munthu amene wafika ku London kapena ku Birmingham n'kuona mtengo wa lendi, kenako n'kudutsa m'mbali mwa ngalande n'kuona maboti aatali, opyapyala, utsi ukutuluka pa chumuni ndipo maluwa ali padenga, sachedwa kuganiza kuti mwina kukhala pamadzi n'kotchipa. Nthawi zina n'zoona. Komabe boti lotere, limene eni ake amalitcha narrowboat, ndi bokosi lachitsulo lomwe lili m'madzi usana ndi usiku, ndipo madziwo amafunafuna polowera pomwe dzimbiri likudya chitsulo mwakachetechete. Nyumba ya njerwa mukhoza kuinyalanyaza chaka chathunthu n'kuipeza ili chilili, koma boti limafuna kuti tsiku lililonse muligwire penapake. Malangizo awa akutsata ntchito zimenezo monga mmene zimabwerera, kuyambira tsiku logula mpaka tsiku lolitulutsa m'madzi kuti lipakidwe phula.

Musanagule, yezani chitsulo

Kukula kwa maboti amenewa kunakhazikika kalekale. Ngalande ya Bridgewater itatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha kuchokera ku Worsley kupita ku Manchester, katswiri wake James Brindley anapitiriza kukonza ngalande zina za m'chigawo chapakati cha England, ndipo zipinda zokwezera ndi kutsitsira maboti, zomwe zimatchedwa ma lock, anazipanga zopapatiza: pafupifupi mafiti 7 m'lifupi ndi mafiti 72 m'litali. N'chifukwa chake narrowboat ya masiku ano imakhala mafiti 6 ndi mainchesi 10 m'lifupi, omwe ndi mamita awiri ndi pang'ono. Utali ndiwo mumasankha nokha, koma dziwani kuti ma lock ena a kumpoto, monga a pa Calder and Hebble, ndi aafupi, moti boti la mafiti 57 ndilo limatha kuyenda pafupifupi paliponse.

Mukapeza boti lomwe lakusangalatsani, musakopeke ndi matabwa owala a mkati kapena makatani. Lipirani katswiri woyeza maboti kuti litulutsidwe m'madzi n'kuyezedwa makulidwe a chitsulo ndi makina. Maboti ambiri amakono amamangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 10 pansi, 6 m'mbali ndi 4 pa chipinda chapamwamba, ndipo woyezayo amakuuzani kuti chatsala chochuluka bwanji, makamaka pamzere pamene madzi amalekezera, poti m'pamene mpweya ndi madzi zimakumana ndipo dzimbiri limakula msanga. Amafufuzanso timaenje ting'onoting'ono tomwe timaboola chitsulo ngati mmene anankafumbwe amachitira ndi chimanga. Ngati boti linawotchereredwapo chitsulo china pamwamba pa chakale, funsani kuti anagwira ntchitoyo ndani ndiponso liti, chifukwa boti lotero limalemera, limakhala mozama m'madzi, ndipo mabowo otulutsira madzi a m'sinki amayandikira madzi a m'ngalande kuposa mmene womanga anafunira. Wogulitsa akamakana kuti boti liyezedwe, musiyeni ndi boti lake.

Mapepala

Ngalande zambiri za ku England ndi Wales, zotalika pafupifupi mamailosi 2,000 zonse pamodzi, zili m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, lomwe linalowa m'malo mwa British Waterways mu 2012. Kuti bungweli likupatseni laisensi, mumafunika inshuwalansi yolipira anthu ena mukawawonongera zinthu, yosachepera mapaundi 2 miliyoni, komanso chiphaso cha Boat Safety Scheme, chomwe chimaperekedwa woyendera akaona gasi, magetsi, mafuta, zozimitsira moto ndi polowera mpweya, ndipo chimatha pakapita zaka zinayi. Chiphaso choyendetsera ngati cha galimoto sichifunika pa boti lanu lokha. Mtsinje wa Thames kumtunda kwa Teddington uli pansi pa Environment Agency ndipo uli ndi laisensi yakeyake.

Funso lalikulu ndi loti boti lizikhala kuti. Mukhoza kulipira malo okhazikika, koma malo ololedwa kukhalamo ngati nyumba ndi ochepa ndipo ku London ndi odula kwambiri. Njira ina ndiyo kulembetsa kuti mulibe malo okhazikika, ndipo pamenepa lamulo la British Waterways Act la 1995 limafuna kuti musakhale pamalo amodzi kupitirira masiku 14 ndiponso kuti muziyendadi ulendo weniweni, osati kumangosuntha pakati pa milatho iwiri. Ogwira ntchito ku bungweli amayenda m'mbali mwa ngalande kulemba manambala a maboti. Amene ali ndi ntchito ya malo amodzi kapena ana a sukulu aganizire bwino mfundo imeneyi, chifukwa Lamlungu lililonse lachiwiri limakhala tsiku losamuka, kugwe mvula kaya chisanu.

M'mawa, musanalize injini

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya kasamalidwe, ndipo ntchito yake siposa mphindi khumi. Tsegulani chivundikiro cha kumbuyo n'kuyang'ana pansi pa injini. Solani kachitsulo koyezera oyilo, pukutani, bwezerani n'kusolanso kuti muone mulingo weniweni. Onani madzi oziziritsa injini injiniyo isanatenthe, ndipo dinani ndi chala lamba wa alternator, makina otchaja mabatire, kuti mumve ngati wakhwefuka. Fumbi lakuda pafupi ndi lambayo ndi chizindikiro choti akuperepeseka, choncho wina wapadera azikhala m'bokosi la zida nthawi zonse.

Kenako yang'anani madzi amene ali pansi penipeni pa boti. Pamene mtengo wachitsulo wozunguza propela umatulukira kunja pali cholumikizira chotchedwa stern gland, ndipo pa maboti ambiri chimatsekedwa ndi chingwe chopanikizidwa pamodzi ndi girizi. Kudontha pang'ono boti likamayenda si vuto, koma likaima kudonthako kuyenera kuleka. Pambali pake pamakhala kachitini kamkuwa ka girizi kokhala ndi chogwirira pamwamba, ndipo tsiku lililonse mukamaliza ulendo muzipotokola chogwiriracho mpaka mutamva kuti chalimba. Ngati chikudonthabe, mangani manati awiri a cholumikiziracho pang'onopang'ono, mofanana mbali zonse, osapanikiza kwambiri, pakuti chikathina chimatentha n'kudya mtengo wa propela. Yesaninso pampu yopopa madzi a pansi poikweza kachoyandama kake ndi dzanja kuti mumve ikulira. Maboti ambiri amene amamira ali pa chingwe samira ndi chinthu chachikulu ayi. Masamba a mitengo amatseka timingalande ta padenga la injini, mvula imalowa, pampu imalira mpaka batire litatha, ndipo madzi amakwera mwakachetechete mwini wake ali kutali.

Chinthu chachitatu ndi weed hatch, bokosi lotsegula pamwamba lomwe lili pamwamba penipeni pa propela. Boti likayamba kunjenjemera, chiwongolero chikamagwedezeka m'manja, kapena utsi wakuda ukamatuluka koma liwiro palibe, ndiye kuti propela yakola chinthu. Zimitsani injini, chotsani kiyi n'kuika m'thumba lanu, ndipo kenako masulani chomangira cha chivundikiro. Mumagona chafufumimba, kupinda malaya mpaka paphewa, n'kulowetsa mkono m'madzi akuda omwe simuona chilichonse. Ine ndinatulutsamo kale jumbo zokulungana ndi waya wa usodzi, komanso tsiku lina m'mwezi wa Januwale thalauza lathunthu la jinzi lomwe ndinalidula chidutswachidutswa ndi mpeni wa buledi, ndikumatulutsa dzanja mphindi iliyonse kuti ndiliviike m'beseni la madzi ofunda chifukwa zala zinkachita dzanzi. Ngati muli ndi bala padzanja, valani magolovesi aatali, poti madzi a m'ngalande akhoza kukhala ndi tizilombo ta matenda a leptospirosis tochokera mu mkodzo wa makoswe, ndipo mukatentha thupi patapita masiku angapo, muuzeni dokotala kuti munagwira madzi otere. Mukamaliza, bwezerani chivundikiro, mangani zolimba, lizani injini, lowetsani giya kwa kanthawi n'kuyang'ana ngati madzi sakuthudzuka m'mbali mwake. Chivundikiro chosamangidwa bwino chikhoza kumiza boti m'mphindi zochepa, chifukwa propela imaponyera madzi mkati mwa boti.

Poyenda ndi podutsa lock

Liwiro lololedwa pa ngalande zambiri ndi mamailosi 4 pa ola, kuyenda kwa munthu wofulumira, ndipo podutsa maboti omangidwa mumatsitsa injini mpaka pansi kuti mafunde asazule zikhomo za anzanu kapena kugwetsa ketulo yawo. Mukakumana ndi boti lina mumapatukira kumanja. Boti lilibe mabuleki, mumaliimitsa ndi giya yobwerera m'mbuyo, ndipo chiwongolero mukachikankhira kumanzere mutu wa boti umapita kumanja. Limakhota ngati kuti lapachikidwa pakati, kotero kuti mutu ukamalowa kwina, kumbuyo kumasesa mbali inayo.

Lock ndi chipinda cha njerwa chokhala ndi zitseko kumtunda ndi kumunsi, ndipo madzi amalowa kapena kutuluka kudzera pa timazenera totsekedwa ndi matabwa omwe mumakweza ndi chogwirira chachitsulo chopindika chotchedwa windlass. Pokwera, lowani m'chipinda chopanda madzi ambiri, tsekani zitseko za kumunsi, onetsetsani kuti timazenera ta kumunsiko tatsekedwa, kenako tsegulani ta kumtunda pang'onopang'ono, kuyamba ndi ta pansi pa nthaka ndipo ta pa chitseko pambuyo, madzi atakwera. Mukatsegula ta pa chitseko msanga, madzi amagwera pamutu pa boti n'kulowa pakhomo lakutsogolo. Potsika ngozi ili kumbuyo. Pansi pa zitseko za kumtunda pali chiwundo cha konkire chotchedwa cill, chomwe sichioneka lock ikadzaza, ndipo malire ake amalembedwa ndi penti yoyera m'mphepete. Boti lizikhala kutsogolo kwa mzere umenewo nthawi yonse imene madzi akutsika, chifukwa kumbuyo kukakhala pa chiwundocho, mutu umapitirira kutsika, boti limapendekeka n'kumira. Mukaona chilichonse chachilendo, tsekani timazenera tonse nthawi yomweyo, n'kuganiza pambuyo.

Windlass musaisiye pa chitsulo chake mutakweza zenera, poti kachitsulo kogwira zeneralo kuti lisatsike kakaphonya, imazungulira mwamphamvu n'kuthyola dzanja kapena mano. Mukatuluka, tsekani zitseko ndi timazenera tonse, pakuti lock yopapatiza imodzi imataya malita pafupifupi 100,000 paulendo umodzi, ndipo madziwo amachokera m'madamu omwe amaphwa m'chilimwe. Konzani ulendo powerengera ma lock, osati mamailosi okha. Ku Tardebigge pa ngalande ya Worcester and Birmingham alipo 30 otsatizana, ndipo ku Caen Hill pafupi ndi Devizes alipo 29, moti amenewo ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Pomanga boti, gwiritsani mphete zachitsulo ngati zilipo, apo ayi khomani zikhomo mopendekera kutali ndi madzi, zingwe ziloze kutsogolo ndi kumbuyo osati molunjika kumtunda. Chingwe chisadutse pa njira ya oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo pamutu pa chikhomo vekani chinthu chowala kuti anthu asapunthwe usiku. Chingwe chapakati, chomwe chimamangidwa padenga, n'chogwirira kwa kanthawi kokha. Mukagoneka boti pa chingwe chimenecho madzi n'kusintha mulingo, chimalikokera chammbali.

Madzi, chimbudzi ndi magetsi

M'boti mumadziwa kuchuluka kwa chilichonse chomwe mumagwiritsa ntchito, chifukwa mumachita kukatenga nokha. Thanki ya madzi imadzazidwa pa mipope ya m'mbali mwa ngalande, yomwe imatsegulidwa ndi kiyi wapadera wa bungwe la ngalande, ndipo paipi yanu izikhala yoyera, kukamwa kwake kusagwe pansi kapena m'ngalande. Madzi osambira ndi otsukira mbale amatayikira m'ngalande momwemo, choncho sankhani sopo wosaononga nsomba, ndipo mafuta ophikira musawathire m'sinki. Za m'chimbudzi n'zoletsedwa kutaya m'madzi. Ena ali ndi thanki yaikulu yomwe imapopedwa ndi makina pa malipiro, pomwe ena ali ndi kabokosi kosolola komwe amakakhuthula pa malo otchedwa Elsan. Kabokosiko kamadzaza m'masiku awiri kapena atatu ngati muli awiri, ndiye gulani kena kapadera, pakuti tsiku lina mudzapeza malo okhuthulirawo atatsekeka.

Magetsi ndi a mabatire a mavoti 12, limodzi loliza injini ndipo ena a m'nyumba, ndipo magulu awiriwa asalumikizane injini ikazima, kuti firiji isakudyereni batire loliza injini. Mabatire wamba a asidi safuna kutsika kupitirira theka, ndiye mita ikamaonetsa 12.2 popanda chilichonse choyaka, nthawi yotchaja yakwana. Masola amakwanira bwino m'chilimwe, koma kuyambira Novembala mpaka Febuluwale dzuwa la ku England n'lofooka ndipo mumadalira injini. Malamulo a laisensi salola kuliza injini kapena jenereta boti lili chiimire pakati pa 8 koloko usiku ndi 8 koloko m'mawa. Oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe pakatha maola pafupifupi 250 a injini, kapena monga buku la injini yanu likunenera, ndipo maola otchajira mabatire amawerengedwanso. Ngati mwalumikiza waya wa magetsi a kumtunda pa doko, ikani kachipangizo kotchedwa galvanic isolator, chifukwa popanda iko magetsi ochepa amayenda pakati pa maboti oyandikana kudzera m'madzi n'kumadya chitsulo chanu.

Nyengo yozizira

Mbaula ya malasha ndi nkhuni ndiyo mtima wa boti m'nyengo yozizira, ndipo m'madera ambiri muli maboti amalonda oyenda ndi malasha, gasi ndi dizilo, omwe amaima pambali panu n'kukutsitsirani matumba padenga. Chumuni chisesedwe nyengo isanayambe ndiponso kangapo mkati mwake, chingwe chotsekera m'mphepete mwa chitseko cha mbaula chisinthidwe chikaphwanyika, ndipo phulusa lotentha lisasungidwe mkati, ngakhale m'ndowa, chifukwa limatulutsabe mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo. Kuyambira mu Epulo 2019, Boat Safety Scheme imafuna kuti maboti okhalamo akhale ndi alamu ya mpweya umenewu. Pa chifukwa chomwecho, mabowo olowetsa mpweya a pazitseko ndi padenga musawatseke ndi nsanza ngakhale kuzizire motani. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndipo akatuluka amatsikira pansi pa boti n'kudikira moto, n'chifukwa chake masilinda amakhala m'bokosi lawolawo lokhala ndi bowo lotulukira kunja, lomwe liyenera kukhala losatsekeka.

Mdani wina ndi chinyezi. Mpweya wa anthu ndi nthunzi ya mphika zikakhudza chitsulo chozizira zimasanduka madzi, mazenera amalira m'mawa uliwonse, ndipo pansi pa matiresi pamachita chuku. Pukutani mazenera, tsegulani pang'ono kwinakwake, ndipo matiresi muziwaimika kamodzi pa sabata. Thanki ya dizilo izikhala yodzaza, pakuti ikakhala theka chinyezi chimasonkhana mkati, madzi amakhala pansi pa mafuta, ndipo m'menemo mumamera tizilombo tomwe timapanga matope akuda otseka fyuluta. Ngati boti mulisiya lokha kwa masabata, tsekani madzi, tsegulani mipope yonse kuti mapaipi akhale opanda kanthu, poti madzi akaundana amang'amba paipi. Ngalande ikaundana, khalani pomwe muli, chifukwa madzi oundanawo amapala phula pamzere wa madzi ngati lumo. Onaninso ndandanda ya malo otsekedwa, popeza kuyambira Novembala mpaka Malichi bungwe la ngalande limatseka ma lock ambiri kuti likonze zitseko, ndipo mukhoza kutsekeredwa mbali yomwe kulibe mpope.

Kutulutsa boti m'madzi

Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, boti lopakidwa phula wamba liyenera kutuluka m'madzi, kaya pa doko louma, pa njanji yokokera kumtunda kapena ndi kireni. Malo amenewa amadzaza msanga m'chilimwe, choncho lembetsani miyezi ingapo nthawi isanakwane. Boti likangotuluka, litsukeni ndi madzi amphamvu ndere zisanaume, palani dzimbiri ndi phula lomatuka mpaka mufike pa chitsulo cholimba, ndipo lisiyeni liume bwinobwino, chifukwa phula lopakidwa pa chitsulo chonyowa limasupuka chaka chisanathe. Pakani kawiri kapena katatu, kulola ulendo uliwonse kuti uume, n'kuwonjezera pamzere wa madzi. Penti ya epoxy yosakaniza zinthu ziwiri imakhalitsa zaka zambiri kuposa phula, koma imafuna kuti chitsulo chiyambe chapalidwa ndi mchenga wa makina mpaka kuyera, ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Boti lili pamtunda pomwepo, yang'anani zitsulo zotuwa zowotchereredwa kutsogolo ndi kumbuyo, zomwe zimatchedwa ma anode. M'madzi opanda mchere zimakhala za magnesium, ndipo ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa boti. Zikatha kupitirira theka, wotchererani zatsopano pambali pake, ndipo musazipake phula, chifukwa zikaphimbidwa sizigwira ntchito. Gwedezani propela ndi chiwongolero kuti mumve ngati zili ndi mpata, ndipo chingwe cha mu stern gland chisinthidwe tsopano, pamene madzi sangalowe. Jambulani zithunzi za mbali zonse n'kulemba tsiku m'buku la boti, poti makampani a inshuwalansi amafuna lipoti la woyeza boti likakalamba, ndipo wodzagula adzafunsanso zomwezo. Mukapaka komaliza, dikirani maola osachepera 48 musanalibwezere m'madzi, ngakhale mwini doko akukufulumizitsani. Likangoyandama, musathamangire kunyamuka. Tsegulani chivundikiro cha injini, unikani ndi tochi pa stern gland ndi pa weed hatch, potokolani girizi, ndipo khalani pomwepo kwa ola limodzi mukuyang'ana ngati pansi pakadali pouma.